Kabaluni ka ku Ferrara: mbiri ya "opaleshoni ya ufulu"

Madzulo a Loweruka pa 21 Novembala 2009, wailesi yakanema ya CTV ya ku Canada idaulutsa pulogalamu yake yotchedwa W5. M'pulogalamumo mudaoneka dokotala wina wa ku Italy, a Paolo Zamboni, ndipo uthenga umene adabwera nawo udali waufupi koma wolemera. Ati nthenda ya multiple sclerosis, imene idazunguza mitu ya madokotala kwa zaka zoposa 140, mwina siyambira mu ubongo monga ambiri ankaganizira, koma m'khosi. Ati mitsempha yotsitsa magazi kuchokera kumutu imakhala yothina, ndipo mukaikuza ndi kabaluni wodwala amapeza bwino. Chithandizocho chidapatsidwa dzina lotanthauza kumasula munthu womangidwa. Ife pano tingoti "opaleshoni ya ufulu".

M'masiku otsatira mafoni a m'zipatala za ku Canada sadapume. Wodwala nthendayi, kapena wokhala ndi m'bale wodwala, ankafunsa funso limodzi basi: tipite kuti?

Patatha zaka zisanu ndi zitatu, mu Novembala 2017, dzina la a Zamboni omwewo lidali loyamba pa lipoti lonena kuti chithandizocho sichithandiza kwenikweni, ndipo si choyenera kuchilimbikitsa kwa odwala nthendayi. Pakati pa Novembala woyambayo ndi wachiwiriyu padachitika zambiri. Anthu adatenga ngongole n'kuoloka nyanja, ena sadabwereko amoyo. Aphungu adakangana m'Nyumba ya Malamulo, odwala adadana ndi madokotala awo. Gwero la zonsezi lidali funso lakale ngati mankhwala enieniwo: munthu akalandira chithandizo n'kunena kuti "ndikupeza bwino", kodi mawu akewo ndi umboni wokwanira kuti chithandizocho ndicho chamudzutsa?

Nthenda yake

Tiyambe taongola mawu kaye, chifukwa m'Chichewa "mtsempha" ndi dzina la zinthu zingapo. Pali mitsempha yonyamula magazi kuchoka kumtima, pali yobweza magazi kumtima, ndiye palinso ija yonyamula mauthenga kuchoka ku ubongo kupita ku ziwalo. Yomalizayi tiitcha minyewa m'nkhani ino kuti tisasokonezane.

Minyewa ya mu ubongo ndi ya mumsana idakutidwa ndi chikuto cha mafuta chotchedwa myelin, monga momwe waya wamagetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Mwa munthu wodwala multiple sclerosis, imene ambiri amangoti MS, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kudya chikuto chimenechi. Pamene chadyekapo pamatsala chipsera, ndipo uthenga ukafika pamenepo umachedwa, mwina osadutsa n'komwe. Wina diso limachita chidima, wina mwendo umachita dzanzi, wina amadzandira ngati woledzera chonsecho sadalawe ndi dontho lomwe. Ambiri amadandaula za kutopa kosaneneka. Nthendayi imakonda kuyamba munthu ali pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo imagwira akazi ambiri kuposa amuna. Chiwerengero cha mu 2020 chidaonetsa kuti padziko lonse padali odwala pafupifupi 2.8 miliyoni. Ndi yofala kwambiri ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, ndipo Canada ili m'gulu la maiko amene imawavuta koposa.

Pali khalidwe limodzi la MS limene muligwiritse, awerengi, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Kwa odwala ambiri nthendayi imabwera n'kumapita. Munthu amagwa mwezi uno, osatha kuyenda, koma pakatha milungu ingapo amadzuka yekha n'kubwerera kuntchito, mpaka idzamugwetsenso chaka chamawa kapena mtsogolo muno. Choncho aliyense amene wam'patsa kanthu pa nthawi imene wagwayo, kaya ndi jakisoni, kaya ndi madzi chabe, angathe kuoneka ngati ndiye wamudzutsa.

Pofika 2009 mankhwala adalipo, kuyambira interferon beta amene adaloledwa ku America mu 1993. Koma ambiri adali a jakisoni wobaya pafupipafupi, odula zedi, ndipo ntchito yawo idali kuchepetsa kugwagwa, osati kuchiza. Kwa amene nthenda idafika pomangokulirakulira osapumira, padalibe mankhwala odalirika. Anthu otere ukawauza kuti kwapezeka njira, sungawaimbe mlandu akatchera khutu.

Ganizo lakale m'malaya atsopano

Ganizo loti MS ikukhudzana ndi mitsempha ya magazi silidayambe ndi a Zamboni. Mu 1863 katswiri wa ku Germany, a Eduard Rindfleisch, poyang'ana ubongo wa munthu womwalira pa maikulosikopu, adaona kuti pakati pa zipsera zija pamadutsa kamtsempha ka magazi. Patatha zaka zisanu, mu 1868, a Jean-Martin Charcot a pa chipatala cha Salpêtrière ku Paris adafotokoza nthendayi mwatsatanetsatane n'kuisiyanitsa ndi nthenda zina zonjenjemeretsa.

M'zaka za m'ma 1930 dokotala wa ku America, a Tracy Putnam, adatseka mitsempha yobweza magazi m'mitu ya agalu, ndipo adati zipsera zimene adapeza zikufanana ndi za MS. Iwo ankakhulupirira kuti vuto ndi magazi oundana, moti m'zaka za m'ma 1940 ankapatsa odwala mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa dicoumarol. Phindu lokhalitsa silidaoneke, ndipo nkhaniyo idazilala. M'ma 1980 dokotala wa ku Austria, a Franz Schelling, adaidzutsanso. Iwo ankati magazi amabwerera m'mbuyo mwamphamvu n'kuvulaza ubongo. Sadapeze owatsatira ambiri.

Nako kabaluni kali ndi mbiri yakeyake, ndipo ndi mbiri yabwino. Mu Januwale 1964, ku Portland m'chigawo cha Oregon, a Charles Dotter adalowetsa kapaipi kowonda mu mtsempha wotsekeka wa mwendo wa mayi wina wa zaka 82 amene adakana kuti am'dule mwendowo. Mtsempha udatseguka, mwendo udapulumuka. Mu Seputembala 1977, ku Zurich, a Andreas Grüntzig adagwiritsa ntchito kapaipi kokhala ndi kabaluni kunsonga potsegula mtsempha wodyetsa mtima wa munthu ali maso. Njira imeneyi, yotchedwa angioplasty, yathandiza anthu mamiliyoni, ndipo mpaka lero ikupulumutsa odwala mtima. Ndiye anthu atamva kuti kabaluni komweko kangathandize MS, sadaonepo chachilendo. Paipi ikatseka, timaitsegula. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Zimene a Zamboni adaona

A Zamboni adali dokotala wa opaleshoni ya mitsempha ya magazi pa yunivesite ya Ferrara, kumpoto kwa Italy. Sadali katswiri wa ubongo. Chidawakokera ku MS n'chakuti mu 1995 akazi awo adapezeka ndi nthendayi. Paja akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pa ntchito yawo adazolowera kuona miyendo ya anthu amene mitsempha yawo sibweza bwino magazi. Magazi amaima, ayironi wa m'magazimo amaunjikana m'minofu, khungu limada, kenaka pamabuka chilonda. Mu 2006 adalemba kuti mwina zomwezi n'zimene zimachitika mu ubongo wa wodwala MS. Kenaka adaloza chala mitsempha itatu: iwiri ikuluikulu ya m'khosi yotchedwa jugular, ndi umodzi wa m'chifuwa wotchedwa azygos, umene umatenga magazi ochokera chakumsana. Ikathina imeneyi, ati, magazi amabwerera kumutu, ayironi amatsalira mu ubongo, ndipo chitetezo cha m'thupi chimangobwera pambuyo ngati anthu othamangira kumene nyumba ikupsa. Vutolo adalitcha CCSVI, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuti magazi a mu ubongo ndi mumsana sakutsika bwino.

Mu 2009 adafalitsa malipoti awiri. Loyamba lidati atayeza ndi makina a ultrasound odwala MS 65 ndi anthu ena 235 opanda MS, odwala onse 65 adapezeka ndi CCSVI, pamene mwa enawo simudapezeke ndi mmodzi yemwe. Onse mbali ino, ziro mbali inayo! Kwa munthu wamba chimenechi chidali chozizwitsa. Kwa ozolowera kafukufuku lidali belu lochenjeza, chifukwa thupi la munthu silikonda kuyankha molongosoka chotere. Komanso n'kovuta kubisira woyeza kuti amene wagona pamaso pakeyo ndi wodwala, pamene munthuyo walowa m'chipindamo akutsamira ndodo.

Lipoti lachiwiri, la mu Disembala, lidafotokoza za odwala 65 amene adachitidwa angioplasty. Kachitidwe kake n'kotere: amaboola mtsempha wa m'mphechepeche n'kulowetsamo kapaipi, kamene kamakwera kudutsa pamtima mpaka m'khosi. Pamalo pothinapo amapopa kabaluni, kenaka n'kukaphwetsa n'kukatulutsa. Lipotilo lidati odwala a mtundu uja wogwa n'kudzuka adachepetsa kugwa. Koma padalibe gulu lina loyerekezera nalo. Odwala ndi madokotala onse ankadziwa zimene zachitika, ambiri mwa odwalawo ankalandirabe mankhwala awo a MS, ndipo kwa pafupifupi theka la iwo mitsempha ya m'khosi idathinanso pasanathe chaka ndi theka. A Zamboni eni ake adalemba kuti pakufunika kafukufuku wina wotsimikizira. Mawu amenewo ndiwo dziko silidamve.

Moto wolusa

Nkhaniyi idafika pa nthawi imene Facebook ndi YouTube zidali zitangolowa kumene m'nyumba za anthu. Ofufuza ena a ku Canada adalemba m'magazini ya Nature mu 2011 kuti pa Facebook padali magulu ndi masamba oposa 500 okamba za chithandizochi. Pa YouTube pankaikidwa makanema a "kale" ndi "tsopano": dzulo munthu akukoka mwendo, lero akukwera masitepe osagwira, wina akuti manja ndi mapazi ake amene ankazizira kwa zaka ayamba kufunda. Inu mukadakhala pa njinga ya olumala n'kumaonera zimenezo, mukadatani?

Zipatala za ku Canada sizidalole kuchita opaleshoniyi popanda umboni, choncho anthu adauyamba ulendo. Ku Poland, Bulgaria, India, Mexico, Costa Rica ndi ku United States, zipatala za eni ake zidatsegula makomo. Ulendo umodzi pamodzi ndi chithandizo unkadya madola 10,000 kapena kuposerapo. Mabanja ankasonkha, anansi ankathandiza kupemphetsa, ena ankakongola ndalama poika nyumba zawo pa chikole. Amene adapita adali zikwizikwi.

Posakhalitsa nkhani idasanduka ndale. Mu Meyi 2010 odwala adachita zionetsero ku Ottawa ndi m'mizinda ina. Madokotala a ubongo amene ankati "tadikirani kaye" ankanenedwa kuti adya ndalama za makampani a mankhwala, kapena kuti akuchita kaduka poti wotulukira njirayo si wa m'gulu lawo. Chinenezochi chidamera mizu chifukwa nthaka yake idalipo. N'zoona kuti makampani amapindula kwambiri ndi mankhwala a MS. N'zoonanso kuti odwala ambiri adatopa ndi kuonedwa kamphindi chabe n'kuuzidwa kuti tidzaonana ulendo wina. Munthu amene kwawo samumvera amatsata aliyense amene wam'tchera khutu.

Mu Juni 2010 mabungwe a odwala MS a ku Canada ndi ku United States adapereka madola 2.4 miliyoni ku magulu asanu ndi awiri a ofufuza kuti aone kaye ngati CCSVI ilipodi. Mu Julayi mtsogoleri wa chigawo cha Saskatchewan, a Brad Wall, adalengeza kuti boma lawo lilipira kuyesa chithandizocho, ndipo pambuyo pake adaikapo madola 5 miliyoni. Chigawo cha New Brunswick chidakhazikitsa thumba la madola 500,000 lothandizira odwala opita kunja. Nduna ya zaumoyo ya dziko lonselo, mayi Leona Aglukkaq, mu 2010 adatsatira malangizo a akatswiri oti nthawi yoyesa pa anthu sidakwane, koma mu Juni 2011 adalengeza kuti boma lilipira kafukufukuyo.

Maliro

Mtsempha wobweza magazi sufanana ndi wochokera kumtima. Khoma lake ndi lopyapyala, magazi ake amayenda mofooka, ndipo umanka nukula pamene ukuyandikira mtima. N'chifukwa chake kachubu ka waya kotchedwa stent, kamene madokotala ena ankasiya m'khosi kuti mtsempha usathinenso, kamatha kusuntha n'kutsetsereka ndi magazi, kapena kuundanitsa magazi pamalopo. A Zamboni ankaletsa kuika stent m'khosi, koma si onse adawamvera.

Ku yunivesite ya Stanford ku California, kumene a Michael Dake ankaika ma stent mu 2009, wodwala mmodzi adamwalira magazi atatayikira mu ubongo pamene ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Kwa wina stent idatsetsereka mpaka mumtima, moti adachita kum'ng'amba chifuwa kuti aichotse. Ntchitoyo idaimitsidwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu Okutobala 2010 bambo wina wa zaka 35 wa ku Ontario adamwalira ku Costa Rica, kumene adabwererako magazi ataundana pa stent imene adamuika. Mu 2011 mayi wina wa ku Calgary adamwalira atachitidwa opaleshoniyi ku California. Mu Meyi 2012 bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, lidatulutsa chenjezo lotchula imfa, sitiroko, kusuntha kwa stent, kuundana kwa magazi ndi kuvulala kwa minyewa.

Tisakokomeze. Ambiri amene adapopedwa kabaluni kokha adatuluka bwinobwino. Koma ngozi, ingachepe bwanji, imapiririka pokhapokha ngati kuseri kwake kuli phindu. Ndiye funso lidali lomwe lija: phindu lilipo?

Opaleshoni yabodza, yankho loona

Njira yoyankhira funso lotere idadziwika kale, ndipo phunziro lake lidachokera ku opaleshoni inanso yobadwira ku Italy. M'zaka za m'ma 1950 madokotala ankamanga mtsempha wina wa m'chifuwa pofuna kuthetsa ululu wa mtima, ndipo odwala ambiri ankayamikira. Mu 1959 a Leonard Cobb a ku Seattle adafalitsa zotsatira za odwala 17. Asanu ndi atatu adawamangadi mtsemphawo, asanu ndi anayi adangowacheka khungu n'kulisokanso, osawauza kuti ndani ali gulu liti. Magulu onse awiri adati akupeza bwino mofanana, ndipo posakhalitsa opaleshoniyo idasiyidwa. Odwala aja sankanama ayi. Chiyembekezo, chisamaliro, ngakhale mpeni weniweniwo, zimasintha mmene munthu amamvera ululu ndi kutopa. Kungoti chimene chidawathandiza sikudali kumanga mtsempha.

Pa CCSVI mafunso adali awiri. Loyamba: kodi mitsempha yothina ndi ya odwala MS okha? Mu 2010 ofufuza a ku Berlin adayeza odwala 56 ndi anthu athanzi 20, osapeza ndi mmodzi yemwe wokwanira pa miyeso ya a Zamboni. Ku Buffalo, m'chigawo cha New York, gulu la a Robert Zivadinov lidayeza anthu 499, ndipo lipoti lawo la mu 2011 lidapeza CCSVI mwa odwala MS 56 pa 100 alionse, komanso mwa athanzi 23 pa 100 alionse. Ku Italy komweko kafukufuku wotchedwa CoSMo, wa anthu 1,767, amene zithunzi zake zinkawerengedwa ndi akatswiri osadziwa mwini chithunzi, adapeza mu 2013 atatu pa 100 mwa odwala MS ndi awiri pa 100 mwa athanzi. Kuchoka pa 100 kufika pa 3! Chifukwa chake si chovuta kumva. Mtsempha wa m'khosi ndi wofewa ngati chubu chopanda mpweya. Umasintha munthu akakhala tsonga, akagona, akatembenuza mutu, akapuma, ngakhale woyeza akangodinikiza pang'ono chida chake. Woyeza amene akuyembekezera kupeza pothina sachedwa kupapeza.

Mu Okutobala 2013 magazini ya The Lancet idafalitsa kafukufuku wa a Anthony Traboulsee a ku Vancouver ndi anzawo. Adatenga anthu 177: odwala MS, abale awo a bere limodzi osadwala, ndi anthu ena wamba, ndipo ambiri a iwo adawajambula mitsempha kuchokera m'kati ndi kapaipi. Mitsempha yothina kuposa theka idapezeka mwa odwala 74 pa 100, mwa abale awo 66 pa 100, ndi mwa anthu wamba 70 pa 100. Kunena kwina, kuthina kwa mtsempha wa m'khosi ndi chibadwa cha anthu ambiri, monga kusiyana kwa mphuno zathuzi. Magazi ali ndi njira zina zotsikira.

Funso lachiwiri: nanga kabaluni kamathandiza? Apa padafunika opaleshoni yabodza ngati ya a Cobb ija. Odwala ankagawidwa mwa maere. Onse ankagonekedwa pabedi, onse ankalowetsedwa kapaipi, koma ena okha ndiwo ankapopedwa kabaluni, ndipo wodwala ngakhalenso dokotala womuyeza pambuyo pake sankadziwa. Ku Buffalo adayesa motere odwala 19, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2014 sizidaonetse phindu. M'malo mwake opopedwawo ankaoneka ngati akuchulukirako zipsera zatsopano. Ku Canada a Traboulsee adayesa odwala 104 m'mizinda ya Vancouver, Winnipeg, Montreal ndi Quebec. M'masiku oyambirira magulu onse awiri adati akupeza bwino, opopedwa ndi osapopedwa omwe. Patatha milungu 48 padalibe kusiyana pakati pawo.

Ndiye kudabwera kafukufuku wa a Zamboni eni ake, wotchedwa Brave Dreams, wolipiridwa ndi boma la chigawo cha Emilia-Romagna, m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku Italy. Ankafuna odwala oposa 400 koma adapeza 115. Mwa amenewa 76 adapopedwa, 39 ayi. Patatha chaka, kayendedwe, kaonedwe, kagwiridwe ka manja ndi zipsera zatsopano zooneka pa makina a MRI sizidasiyane mokwanira kuti munthu anene kuti kabaluni kachita kanthu. Lipoti lidatuluka m'magazini ya JAMA Neurology mu Novembala 2017: njirayo si yoopsa kwenikweni, koma sithandiza. Mu 2019 bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa zotsatira za odwala onse 238 a m'magulu atatuwa n'kupeza zomwezo, ndipo chaka chomwecho bungwe la NICE la ku Britain lidalangiza kuti njirayi isagwiritsidwe ntchito pa MS.

Chotsalira

Si onse adavomereza. A Zamboni ndi anzawo adabwereranso ku manambala a Brave Dreams n'kunena kuti mwina kagulu kena ka odwala kangapindule, koma kusankha kagulu masewero atatha sikuwerengedwa ngati umboni. Palinso odwala amene amanenetsa kuti moyo wawo udasintha, ndipo palibe chifukwa chowanenera kuti akunama. Iwo akudziwa mmene akumvera. Chimene munthu mmodzi sangathe kudziwa ndi mmene akadamvera kabaluni kakadapanda kupopedwa. Chimenecho chimadziwika pokhapokha anthu ambiri atagawidwa pawiri.

N'kwapafupi kuisandutsa mbiri imeneyi nthano ya dokotala wachinyengo ndi odwala opusa, koma si mmene idayendera. A Zamboni adafunsa funso loyenera kufunsidwa, ndipo atapeza yankho losawakomera adalisainira. Odwala sadali opusa. Adali anthu amene nthawi inkawathera. Chidalakwika ndi dongosolo la zinthu. Chithandizo chidathamanga kutsogolo, umboni n'kumatsatira pambuyo ndi ndodo. Makanema adaonetsa odzuka, poti amene wabwerako chimodzimodzi nthawi zambiri sajambula kanema. Zipatala za eni ake zidalandira ndalama pa chinthu chosatsimikizika. Andale adamva kulira kwa ovota. Nawo madokotala ena adayankha monyoza pamene akadafotokoza modekha, ndipo kunyozako kudangokankhira anthu pa ndege. Ndalama zidapita, miyoyo ina idapita, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Kafukufuku wa MS sadaime. Mu 2017 momwemo America idaloleza ocrelizumab, mankhwala oyamba a mtundu wa MS umene umangokulirakulira kuyambira pachiyambi. Mu 2022 ofufuza a ku Harvard, atatsata mbiri ya asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, adaonetsa kuti chiopsezo cha MS chimakwera ka 32 munthu akatenga kachilombo ka Epstein-Barr. Nako kamtsempha kaja ka a Rindfleisch sikadali kabodza. Lero makina a MRI amatha kukaona pakati pa chipsera, ndipo madokotala amakagwiritsa ntchito posiyanitsa MS ndi nthenda zina zofanana nayo. Kamtsemphako ndi khomo limene maselo a chitetezo cha m'thupi amatulukira pokaononga myelin. Zimene maso adaona mu 1863 zidali zoona. Kumasulira kwake ndiko kwavuta mibadwo.

Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndi wopepuka pakamwa pa munthu woyenda ndi miyendo yake, koma ndi wolemera m'makutu mwa amene mwendo ukum'thawa mwezi ndi mwezi. Kuchokera usiku wa W5 uja mpaka yankho lomaliza padapita zaka zisanu ndi zitatu, pamene mafunso ake akadatha kuyankhidwa msanga onse akadagwirira limodzi. Kudekha kumene madokotala amapempha kwa wodwala ndi ngongole, ndipo imabwezedwa ndi kafukufuku wachangu, wachilungamo, wofotokozedwa m'mawu omveka. Kwa enafe, tsiku lina kudzabwera kabaluni kena, ka nthenda ina, ndi makanema ake ogwetsa misozi. Tisadzanyoze olira m'makanemawo. Tidzangofunsa funso limene a Cobb adafunsa mu 1959: nanga amene sadalandire, iwo zidawathera bwanji?